Nyale Yokolekapo Chikwama

Mayi Kokani dzina limeneli sanabadwe nalo, anachita kulipeza pantchito. Anali atakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri pa tebulo lomwelo, pansi pa zenera, m'fakitale yaing'ono yopanga makina ofungatira mazira, ndipo aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito ankamva nyimbo imodzimodzi: "Mwapana? Kokani. Kokaninso." Mapeto ake dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso.

Ntchito yake mukaimva mukhoza kuipeputsa. Umatenga waya n'kusenda khungu lake kunsonga, pang'ono chabe, kuti mkuwa wa m'kati uonekere. Umatenga kapini kachitsulo, kochepa kuposa chikhadabo cha khanda, kokhala ndi timapiko tinayi: tiwiri takutsogolo timaluma mkuwa, tiwiri takumbuyo timakumbatira khungu. Umakaika m'chopanira, n'kulowetsa waya, n'kufinya mpaka chopaniracho chitalira kuti khethe. Mapini anayi otero amalowa m'kapulagi koyera, ndipo kapulagiko kamakalumikizidwa pa bodi yobiriwira imene imauza fani ndi chotenthetsa zochita. Nkhani yonse ndi yomweyi. Koma kapini kamodzi kakangochita ulesi, mazira mazana atatu a munthu amazizira tsiku lakhumi, mwiniwake akuyenda m'tauni akuuza anzake kuti posachedwa akhala ndi anapiye. Ndiye muipeputse ngati mukufuna.

Wopana aliyense anali ndi penti wake wa m'zikhadabo wodontheza pa pulagi akamaliza, kuti ikabwerera idziwe kwawo. Wa Mayi Kokani anali wabuluu. Kadontho kabuluu kanali kasanabwerereko chiyambire, ndipo zimenezi iwo sankabisa. Ankazinena pa tiyi, ankazinena m'basi, anazinenanso kwa dokotala wa mano tsiku lina asanawazule dzino.

Pamwamba pa tebulo lawo panawerama nyale ya khosi lalitali, yokhala ndi galasi lalikulu pakati, lija lokulitsa zinthu. Abwana anaigula zaka zitatu zapitazo n'kuimanga pa tebulopo osanena kanthu. Mayi Kokani anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumwendo. "Zikomo abwana," anatero, "ndinkasowadi pokoleka chikwama." Kuyambira tsikulo nyale ija inkasenza chikwama chakuda m'mawa uliwonse, osayakapo ngakhale kamodzi. Liuma la mayi ameneyu, ayi ndithu, linali lodziwika fakitale yonse.

Chimene sankanena pa tiyi n'chakuti maso anali atayamba kuwathawa. Zakutali ankaona bwinobwino, basi ankaizindikira isanakhote. Koma chapafupi chonse chinali nkhungu yokhayokha. Kapini ankakaona ngati kanyerere konyezimira, timapiko take ayi. Zala ndi makutu ndi zimene zinkagwira ntchito. Waya amene ankagulidwa pafakitalepo anali wa khungu louma, ndiye polowa m'kapini khungulo linkagunda timapiko takutsogolo n'kuima, chala chawo n'kumva kugundako. Akamva, khethe, n'kukoka kawiri. Waya wofiira ndi wakhofi ankawasokoneza, koma mwamwayi mipukutu ya waya inkakhala pamzere umodzimodzi tsiku lililonse, wofiira kumanzere, wakhofi kumapeto. Kunyumba nako mwayi unalipo. Amuna awo, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, anali atayamba chizolowezi chowawerengera mokweza mauthenga a pafoni, amvekere amakonda kumva mawu awo omwe.

Mayi Kokani ankaopa chinthu chimodzi, chipinda cholongedzera. Chili kuseri, chilibe zenera, ndipo mumanunkha makatoni ndi guluu. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito, manja atayamba kunjenjemera, anatumizidwa kumeneko ndi bambo awo a abwanawa. Sanamuchotse ntchito, anamuchitira chifundo. Koma munthu amene ankalankhula tsiku lonse anangoti zii, ndipo patatha chaka anasiya yekha. Mayi Kokani analumbira kuti iwo tepi ya makatoni sadzaigwira.

Lachinayi limenelo linayamba bwino. Dzuwa linalowa pazenera n'kugona pa tebulo ngati mphaka, wailesi inkaimba motsitsa, ndipo Achikasu, mayi wa tebulo loyandikana amene dzina lawo linachokera ku penti wawo, ankafotokoza za mpongozi wawo amene wagula galimoto asanaphunzire kuyendetsa. Zopanira zinkayankhana, khethe uku, khethe uko. Lole yodzatenga makina inali yoti ifike folo koloko. Mayi Kokani mtima unali m'malo, monga zinkakhalira nthawi zonse ntchito ikamayenda yokha m'manja.

Kenako anatulukira a Mita. Amenewa anali ang'ono awo a amuna a Mayi Kokani, ndipo ntchito yawo inali yoyesa mabodi ndi mita yoyezera magetsi imene sinkachoka m'khosi mwawo.

"Alamu, mwadzuka?" anatero a Mita.

"Ndadzuka. Inu mwadzuka, kapena mukuyenda muli m'tulo monga mwa masiku onse?"

Tsiku lina a Mita akanabweza, chifukwa awiriwa ankatha kunyozana kuyambira pageti mpaka poweruka. Koma apa anangowerama ngati akutola kanthu, n'kuika kapulagi pafupi ndi dzanja la mlamu wawo.

"Moto sukudutsa pa waya wofiira," ananong'ona. "Kadontho n'kabuluu."

"Mita yanuyo yakalamba ngati mwiniwake."

"Ndayesa ndi ziwiri. Apezeka asanu ndi awiri, alamu. Onse anu."

Mayi Kokani anagwira waya wofiira uja n'kukoka. Anali nganganga. Anakokanso, nganganga. Anatsala pang'ono kuseka. Koma a Mita anatulutsa kapini m'pulagimo ndi singano, anakanula timapiko takutsogolo ndi kampeni, n'kukaika m'dzanja lawo. Iwo sanayang'ane n'komwe, anangoyendetsa chikhadabo. Pamene panayenera kukhala mkuwa wokhakhala panali khungu losalala. Waya anali atalowa mopitirira, timapiko tonse tinayi n'kuluma pulasitiki, mkuwa n'kungolendewera kutsogolo osagwidwa ndi kanthu. Chinthu choterocho ukhoza kuchikoka mpaka mawa, sichingazuke.

Pamenepo m'pamene anakumbukira. Lolemba kunabwera mipukutu yatsopano, ya waya wa khungu lofewa, loterera. Iwo anachita kumutamanda kuti akusendeka bwino. Khungu lofewa siligunda timapiko, limangolowa mwakachetechete, ndiye chala chawo chinkamva kuima waya atapitirira kale. Zala zimene anazidalira zaka zitatu zinawanamiza m'masiku atatu. Chakudza sichiimba ng'oma. Anamva kutentha kumaso, ndipo manyazi amene anawagwira anali asanawamvepo chiyambire ntchito.

"Musade nkhawa," a Mita anapitiriza motsitsa. "Ndiyesa onse. Akufawo ndidula ndekha, ndipana ena pa nthawi ya nkhomaliro. Palibe amene adziwe."

"Chabwino," anatero iwo msangamsanga, ndipo a Mita anabwerera kumalo kwawo.

Ola lathunthu anangokhalira kusenda mawaya, osapana. Tiyi anabwera, anamwa, koma anali ngati madzi otentha chabe. Nkhani ya Achikasu inafika pamene mpongozi uja anagunda geti ya kwawo komwe, anthu onse n'kufa ndi phwete, iwo anangoonetsa mano. Mutu wawo unali pa mapulagi amene mita yawavomereza. Anadzuka ngati akupita kuchimbudzi, anatola kapulagi kamodzi kabuluu m'bokosi la ovomerezedwa, n'kudzakanula mapini ake mobisa pansi pa tebulo. Timapini titatu tinali bwino. Pa kachinayi chikhadabo chinapezanso khungu losalala. Mkuwa wake unkangokhudza chitsulo mwangozi, mita n'kunamizika. Lero moto ukudutsa. Koma fani ikazungulira sabata imodzi, makina akunjenjemera, m'kati mukutentha, kukhudzana kumeneko kumatha. Mita singaone zimenezo, kukoka nakonso ayi. Chofunika ndi diso, ndipo diso ndi limene analibe.

Kuyambira Lolemba anali atapanga mapulagi mazana awiri ndi makumi anayi, ena ali kale m'makina, ena m'makatoni. Akakhala chete, lole inyamuka folo koloko, iwo akhalabe pazenera mpaka mafoni atayamba kulira. Mwinanso sangalire n'komwe. Munthu mazira akamuolera amayamba kukayikira tambala, magetsi, ngakhale anansi, za kapini sangaganize. Ganizo limeneli, loti akhoza kupulumuka, ndi limene linawanyansa. Anakumbukira mayi wina amene anabwera kudzatenga makina ake mwezi wapitawo, n'kuwasisita ngati ng'ombe asanawakweze pagalimoto.

Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kusisita tebulo lawo kamodzi. Podutsa pa a Mita anati, "Nkhomaliro yanu kadyeni, alamu. Mwaonda kale, anthu angati kwanu sakukusamalani." A Mita anatsegula pakamwa, koma iwo anali atadutsa.

Ofesi ya abwana inali kachipinda ka magalasi pakona, kodzaza mapepala ndi mafani akufa. Abwanawa anali mayi wa zaka makumi anayi, amene anatenga fakitale bambo awo atamwalira. Chopanira anachigwira koyamba ali pa tchuthi cha sukulu, ndipo amene ankawamenya padzanja chifukwa chosakoka kawiri anali Mayi Kokani omwewa. N'chifukwa chake mpaka lero ankawatchula kuti amayi.

"Ndabwera kudzadzineneza ndekha, abwana," anatero Mayi Kokani ataima pakhomo. Anaika timapini tiwiri tija pa desiki n'kufotokoza zonse, za waya wofewa, za asanu ndi awiri aja, za ena amene mita yawavomereza monamizika. Za a Mita ndi nkhomaliro yawo sanatchule. "Makina asakwere lole lero. Onse a kadontho kabuluu atsegulidwe." Anawayang'ana abwana m'maso. "Ndipo vuto si waya yekha. Maso anga atha. Ndakhala ndikupana ndi zala. Ngati n'kolongedza ndipita, koma mundilole nditsirize kaye sabata ino pazenera."



Abwana anatembenuza kapini ndi nsonga ya cholembera. "Atha liti masowo, amayi?"

"Chaka chathachi."

"Ayi. Zaka zitatu zapitazo, mwezi umene munathira shuga m'kapu ya mapini n'kutakasa, kenako n'kutiuza kuti mumayesa ngati angachite dzimbiri."



"Nyale ija mumati ndinagulira chikwama?" abwana anapitiriza. "Nanga mipukutu yanu ya waya, mumati imadzindandalika yokha? Achikasu amafika mphindi khumi inu musanafike, tsiku lililonse. Wosesa akaisuntha, iwo amaibwezera pamzere wake. Amuna anunso anabwera pano kawiri konse kudzandipempha kuti tisakuonetseni kuti tikudziwa, amvekere mukadziwa simudzadya sabata yathunthu."

"Bambo a kunyumba aja?"

"Omwewo."

"Ndiye nonsenu mwakhala mukundionera ngati mwana woyamba kuyenda?" Apa tsopano anapsa mtima, ndipo kupsa mtimako kunawathandiza kuti asalire. "Fakitale yonse, ndi mwamuna wanga yemwe?"

"Tinkadikira kuti munene nokha. Ndani pano angauze Mayi Kokani kuti sakuona, n'kukafika kwawo ali wamoyo?" Abwana anamwetulira, kenako nkhope inabwerera pantchito. "Cholakwa changa chilipo. Ndinasintha waya osakuuzani, ndikudziwa bwino lomwe mmene mumagwirira ntchito. Chanu mukuchidziwa nokha. Kolongedza simukupita, dzanja limenelo sindingalitaye pa tepi. Koma pazenera pali lamulo kuyambira lero: chikwama chichoke pa nyale. Mukakana zimenezo, ndiye kuti kolongedzako mwadzipititsa nokha."

Atatuluka muofesi anapeza aliyense watanganidwa modabwitsa. Ngakhale wosesa ankasesa malo amene anasesa kale. Mayi Kokani anavalanso epuloni. Anachotsa chikwama pa khosi la nyale, khosilo n'kudzuka lokha pang'ono ngati munthu amene wamutula katundu. Chikwamacho anachiika pakati pa miyendo. Galasi linali fumbi lokhalokha, analipukuta ndi epuloni. Poyatsira anapafufuza nthawi ndithu, kutsogolo, m'mbali, pansi, mpaka Achikasu anatambasula dzanja, osatembenuka n'komwe, n'kudina kuseri.

Anaika kapini pansi pa galasi. Ha, kodi kapini kamaoneka chonchi? Timapiko tonse tinayi tinali poyera, topindika bwino, tonyezimira. Tinsinga ta mkuwa tinalipo tisanu ndi tiwiri, ndipo anatiwerenga kawiri chifukwa chongokondwa. Pakati pa timapiko takutsogolo ndi takumbuyo panali kampata kaja kamene ankaphunzitsa ena, koyenera kuoneka theka khungu theka mkuwa, kamene iwo eni ake anali asanakaone zaka zitatu. Anaonanso zala zawo, zazikulu ngati za munthu wina, zipsera zakale zonse zili pamalo ake. Manyazi anawaiwala. Zinawakomera, ndipo anadzitukwana chamumtima chifukwa cha zaka zonsezo zimene anadzimana okha.

Abwana anaimbira wa lole kuti abwere mawa m'mawa, ndipo masana onsewo ntchito inali imodzi. A Mita ankatsegula makina n'kutulutsa mapini ndi singano, Mayi Kokani n'kuyang'ana pa galasi, Achikasu n'kubwezera abwino m'mapulagi. Oipa Mayi Kokani ankadula n'kupana atsopano, diso lili pa galasi, kenako n'kukoka kawiri, chifukwa chizolowezi chabwino satayira pamodzi ndi choipa. Oipawo anakwana makumi atatu ndi anayi, ndipo ambiri mwa iwo mita inali itawavomereza.

"Achikasu," anatero Mayi Kokani ntchito ili pakati, maso ali pa galasi.

"Ee."

"Mawa musavutike kubwera msanga."

"Ine ndimabwera msanga chifukwa cha basi," anayankha Achikasu. "Za mipukutu sindikudziwa kanthu."

"Ine sindinatchule mipukutu."

Onse awiri anaseka mpaka Achikasu anagwetsa pulagi. A Mita atawerama kuti atole, Mayi Kokani anakoka khosi la nyale n'kulozetsa galasi kumutu kwawo.

"Alamu, imvi zonsezi zabwera liti? Ine ndimati ndinu mnyamata."

"Mwazibweretsa ndinu lero m'mawa," anayankha a Mita.

Anamaliza dzuwa litapendeka. Kunyumba anapeza amuna awo atakhala pakhonde akukonza chogwirira ketulo. Mayi Kokani anali atakonza mawu ambiri m'basi, ena akuthwa ndithu, koma asanayambe foni inalira m'chikwama. Bambo aja anapukuta manja n'kutambasula dzanja monga mwa nthawi zonse.

"Ndamva zonse," anatero Mayi Kokani. "Kawiri konse, eti? Munthu wosadziwa n'komwe kumene kuli geti ya fakitale."

Dzanja lija linaima m'malere. "Ine ndimangodutsa," anatero bambowo, maso ali pa ketulo.

"Loweruka mundiperekeze kopimitsa maso. Ndikufuna mandala."

"Ndiye ine ntchito yandithera?"

Mayi Kokani anawayang'ana, nkhalamba yabodza imeneyi, yosatha n'kunama komwe, ndipo mawu akuthwa aja anangosungunuka. Anawapatsa foni. "Werengani. Mawu anuwo ndawazolowera."

M'mawa mwake lole inafika nthawi yake, makina n'kuyamba kukwera. Mayi Kokani atafika pa tebulo lawo, dzanja linanyamula lokha chikwama kulunjika ku nyale. Anaima, chikwama chili m'mwamba. Pansi panali tizidutswa ta waya, pa mpando ankafuna kukhalapo okha, pa tebulo panalibe malo.

"Ndiye katundu wangayu ndizimusenza pamutu?" anafunsa.

A Mita, amene ankadutsa atanyamula katoni, analoza ndi chibwano. Pa thabwa la zenera, pafupi penipeni ndi phewa lawo lamanja, panali msomali. Sunali watsopano. Mutu wake unali utachita dzimbiri, ndipo kangaude anali atamangapo kale.

"Ndinaukhoma tsiku limene inabwera nyaleyi," anatero a Mita. "Abwana anati mudzaufuna."

Mayi Kokani anauyang'anitsitsa. Zaka zitatu msomali uli pamenepo, pafupi ndi khutu lawo, anthu onse akuuona, iwo okha ayi. Anautsina ndi zala ziwiri n'kukoka. Anakokanso. Unali nganganga.

"Apa mwayesetsa, alamu," anatero.

Anakoleka chikwama, anayatsa nyale okha, n'kutenga waya wofiira.